Uphungu ndi chithandizo, ndipo njira yake isamayambire ku Mental

Ku Zomba kuno mawu akuti "apita naye ku Mental" safuna kumasulira. Aliyense amaona m'maganizo munthu womangidwa manja, achibale ali pambuyo, jekeseni ikudikira. Chithunzichi chili ndi kochokera. Mu 1910 atsamunda anayamba kusunga odwala misala m'chigawo china cha ndende yaikulu ya Zomba, chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953, ndipo lamulo la 1948 lomwe linayendetsa ntchitoyi kwa zaka zoposa 70 linkalabadira kwambiri za kagonekedwe ndi kasungidwe ka wodwala. Choncho tinakula tikudziwa kuti matenda a maganizo mankhwala ake ndi mpanda. Komatu ambiri mwa ovutika sadzafika pa geti imeneyo. Ndi mayi amene wabereka kumene koma mwana sakumusangalatsa, wophunzira wa pa yunivesite ku Chirunga amene tulo tamuthawa, bambo amene amapita ku chipatala cha Matawale mwezi ndi mwezi kudandaula mutu ndi kuthamanga kwa mtima, n'kubwerako ndi panado. Iwo amati akuganiza kwambiri. Anthu otere chithandizo chawo choyamba nthawi zambiri ndi uphungu wotsata njira yoyesedwa, ndipo mzika iyenera kudziwa kuti ulipo, amapereka ndani, ndiponso woona umaoneka bwanji.

Njira yodziwika kwambiri ndi CBT, yomwe Aaron Beck anaiyala ku America m'zaka za m'ma 1960. Mfundo yake ndi yakuti zimene munthu amadziuza, mmene akumvera ndi zimene akuchita zimakokana. Mayi amene geni yake ya tomato yagwa amadziuza kuti ndi wopanda pake, amasiya kupita kumsika, ndipo kukhala m'nyumbako kumatsimikizira zomwe anadziuza zija. Wopereka uphungu samuuza kuti alimbe mtima. Amamufunsa umboni wa ganizolo, amagwirizana naye kanthu kamodzi koti achite sabata imeneyo, kaya kukafunsa mtengo wa dengu limodzi, ndipo akakumananso amayambira pomwepo: munapita kodi, zinayenda bwanji? Njira ina, yothetsa mavuto, imamuthandiza munthu kutchula mavuto ake onse, kusankhapo limodzi lotheka, kuunika njira zingapo n'kuyesa imodzi. Zonsezi zili ndi chiwerengero cha maulendo, zili ndi buku lotsatira, ndipo pali mafunso oyezera, monga asanu ndi anayi a PHQ-9 omwe alipo m'Chichewa, ofunsidwa poyamba ndi pomaliza kuti zioneke ngati munthu akupezadi bwino.

Wina anganene kuti izi ndi za azungu. Umboni wamphamvu ndithu unachokera kwa anansi athu. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, kuphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu wothetsa mavuto pa benchi panja pa chipatala, maulendo asanu ndi limodzi. Kafukufuku wa anthu 573 yemwe anasindikizidwa mu 2016 anapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anakhala pa benchipo pafupifupi 14 pa 100 alionse ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50. Ku Uganda, uphungu wa m'magulu wokonza ubale wa munthu ndi anzake unaonetsa zotsatira zabwino m'midzi kale mu 2003. Kuno kwathu njira ya benchi ija yayesedwa ku Lilongwe, ndipo ku Neno ayesa njira ya bungwe la WHO yotchedwa Problem Management Plus, ya maulendo asanu.

Chotsutsa cholemera ndi china: kodi ankhoswe, abusa, mashehe ndi anamkungwi sachita kale ntchito imeneyi? Amachita yaikulu, ndipo palibe chipatala chingalowe m'malo mwawo. Kusiyana kwake n'kwakuti malangizo a kwathu amatsika kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, ndipo kawirikawiri cholinga chake ndi kusunga banja kapena mpingo. Munthu wokhumudwa akauzidwa kuti apirire kapena awonjezere kupemphera, ndiye osachira, amadziona wolephera kawiri. Nkhoswe siyezanso ngati mawu ake agwira ntchito, ndipo chinsinsi pamudzi sichigona. Enanso amati vuto la anthu ndi umphawi, kulankhula sikugula feteleza. N'zoona, sikugula. Koma matenda okhumudwa amalanda munthu mphamvu yomwe akanalimira nayo munda umene ali nawo kale, ndipo kumubwezera mphamvuyo si kumunamiza kuti umphawi watha.

Nanga amapereka ndani? Dokotala wa matenda a maganizo ndi amene anamaliza udokotala n'kuwonjezera ukatswiri, ndipo amalemba mankhwala. Oterewa m'dziko muno ndi ochepa zedi, ngakhale sukulu ya KUHeS tsopano imawaphunzitsa. Katswiri wa saikoloje wa kuchipatala, monga Dr Chiwoza Bandawe amene ambiri amamudziwa chifukwa cha zolemba zake m'nyuzipepala, salemba mankhwala, ntchito yake ndi kuyeza ndi kupereka uphungu. Digiri yoyamba ya saikoloje yokha, ngati ya ku University of Malawi, siimufikitsa munthu pamenepo. Katundu weniweni amasenza ndi ma clinical officer ndi anamwino a za maganizo, ambiri ophunzitsidwa ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Malawi College of Health Sciences. Madokotala ndi ma clinical officer amalembetsa ku Medical Council of Malawi, anamwino ku Nurses and Midwives Council. Njira yoyenera imayambira pa chipatala chaching'ono cha kwanu, ndi buku lanu la kuchipatala m'manja. Akaona kuti vuto lapitirira, amakutumizani kwa ogwira ntchito za maganizo a m'boma lanu, ndipo Zomba Mental ndi ya amene matenda akula. M'zipatala za boma simulipira.

Apa pali pofunika kusamala. Kuphunzitsa alangizi a zaumoyo a m'midzi, monga zinachitikira m'boma la Zomba lino, kungasanduke njira yopatsira osauka chithandizo chotchipa ngati palibe wowayang'anira. Agogo a ku Harare aja anali ndi akatswiri owaunika ndi kolozera wodwala amene wawakulira. Popanda zimenezo, benchi ndi benchi chabe. Ndipo uphungu suchiza zonse: amene akumva mawu kapena kuona zomwe ena sakuona amafunika mankhwala, ndipo amene akulankhula zodzipha apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira sabata yamawa.

Mukapita kukalandira uphungu, funsani mosaopa: munaphunzira kuti, mukutsata njira iti, tikumana kangati, tidziwa bwanji kuti ndikuchira, ndipo zomwe ndinene zikathera kuti? Wodziwa ntchito yake ayankha mosakhumudwa. Ndipo inu a komiti ya chipatala ndi makhansala a Zomba, pokambirana za ndalama za zaumoyo funsani kuti pa chipatala chanu wophunzitsidwa uphungu ndani, ndipo ali ndi chipinda chotseka chitseko kapena ayi.