Audubon, Wojambula Mbalame Amene Ankayenda ndi Mfuti

Ife amene timathandiza pa za umoyo mu mpingo timakonda kulangiza mabanja kuti Sabata masana, nkhomaliro ikatsika, atuluke akayende kunja. Miyendo imawongoka, mapapo amalandira mpweya wabwino, ndipo ana amaona okha ntchito za Mlengi. Koma pa maulendo amenewa timaona kanthu kena. Pumbwa akangotera mumtengo, dzanja la mnyamata limathamangira m'thumba momwe mwabisala legeni. Amaikonda mbalameyo, koma njira yokha imene akuidziwa yoionera pafupi ndi kuigwetsa. Khalidwe limeneli linalinso mwa munthu wina wotchuka kwambiri pojambula mbalame pamanja, John James Audubon wa ku America.

Audubon anabadwa mu 1785 ku Les Cayes, m'dera limene lero ndi dziko la Haiti. Mayi ake anamwalira iye ali wakhanda, ndipo anakulira ku France m'manja mwa mkazi wa bambo ake. Mu 1803 bambo akewo anamutumiza ku America kuti asalembedwe usilikali m'nkhondo za Napoleon. Anafikira pamunda wa Mill Grove pafupi ndi Philadelphia, komwe ankatha masiku ali kutchire m'malo moyang'anira ntchito. Komweko anakumana ndi Lucy Bakewell, ndipo anakwatirana mu 1808.

Pa malonda Audubon analibe mutu. Anatsegula sitolo ku Kentucky, kenako chigayo, koma mtima wake unali m'nkhalango. Mu 1819 zonse zinagwa, ndipo anatsekeredwa m'ndende kwa kanthawi chifukwa cha ngongole. Tsoka lina linali litamugwera kale. Iye mwini anasimba kuti atachoka paulendo anapeza makoswe ataswera m'bokosi momwe anasungamo zithunzi pafupifupi 200, mapepala onse atasanduka zinyenyeswa. Anagona masiku angapo mutu ukuwira, kenako anatenga pensulo n'kuyambiranso.

M'masiku amenewo kunalibe kamera, ndipo mbalame siidikira munthu kuti aijambule. Ojambula ambiri ankatengera zikopa zouma zofutiridwa, choncho mbalame zawo zinkaoneka zouma gwa ngati zidole. Audubon ankayamba waiyang'ana mbalameyo nthawi yaitali, mmene imadyera, mmene imamangira chisa, mmene imatetezera ana ake ku njoka. Akatero ankaiwombera, n'kuibaya ndi mawaya pathabwa kuti iime ngati yamoyo, n'kuijambula msangamsanga mtundu wa nthenga usanazilale. Chithunzi chimodzi chinkadya mbalame zingapo. Chilichonse ankachijambula pa msinkhu wake weniweni, n'chifukwa chake mbalame yaitali ngati flamingo anaiweramitsa khosi kuti ikwane papepala.

Tisamuiwale Lucy, pakuti popanda iye bukulo silikanaoneka. Anaika m'manda ana aakazi awiri akadali makanda. Mwamuna ali kuthengo, iye ankaphunzitsa ana a eni minda ku Louisiana kuti adyetse anyamata awo awiri, Victor ndi John. Ndalama zimene anasunga zinathandiza kukweza Audubon sitima ya ku Liverpool mu 1826, osindikiza a ku America atamukana, ndipo anakhala zaka zitatu osaonana. Amayi ambiri amene amuna awo ali kutali kukasaka ntchito safunika kuwafotokozera kulemera kwa zaka zotere.

Ku Britain anthu anachita chidwi kwambiri. Robert Havell wa ku London anagoba zithunzizo pamkuwa, n'kuzisindikiza, ndipo antchito ake ankazipaka utoto pamanja chimodzichimodzi. Buku la The Birds of America linatuluka pang'onopang'ono kuyambira 1827 mpaka 1838. Lili ndi zithunzi 435, ndipo tsamba lililonse ndi lotalika pafupifupi mita imodzi. Mu 2010 buku limodzi lathunthu linagulitsidwa ku London pa mapaundi oposa 7 miliyoni.

Pa zithunzi zonsezo, chimene chimatikhudza kwambiri ndi cha nkhunda zam'tchire zotchedwa passenger pigeon, yaikazi ndi yaimuna zitagundanitsa milomo panthambi. Audubon analemba kuti mu 1813, akupita ku Louisville, gulu la nkhundazi linaphimba dzuwa masana ngati kadamsana, ndipo linadutsa kwa masiku atatu. Anaona anthu akuzipha usiku pamalo pomwe zinkagona, zotsala n'kusiyira nkhumba. Komabe ankakhulupirira kuti kupha kotere sikungazithe, pokhapokha nkhalango zitachepa. Nkhalango zinachepadi, ndipo njanji zitafika, nkhundazo zinayamba kutumizidwa m'migolo kumisika ya m'mizinda. Yomaliza, imene ankaitcha Martha, inafera m'khola ku Cincinnati pa 1 September 1914. Lamulo la pa Deuteronomo 22:6, 7, loletsa kutenga make wa mbalame pamodzi ndi ana ake, ambiri timaliwerenga mothamanga ngati laling'ono. Nkhunda zimene zinkadetsa thambo zinatha patangopita zaka 101.

Palinso china chimene sitingachibise. Audubon anali ndi akapolo, anawagulitsa pamene chuma chinamuthawa, ndipo ankatsutsa anthu ofuna kuthetsa ukapolo. Maso amene ankawerenga nthenga iliyonse ya kambalame analephera kuona chifanizo cha Mulungu mwa munthu mnzake. Chifukwa cha ichi, magulu ena oteteza mbalame ku America achotsa dzina lake m'zaka zaposachedwapa, ngakhale bungwe lalikulu la National Audubon Society linasankha kulisunga mu 2023.

Audubon anamwalira ku New York mu 1851, atadwala matenda oiwalaiwala m'zaka zake zomaliza. Lucy, ali wamasiye ndi wokalamba, anabwerera ku uphunzitsi. Mmodzi mwa ana amene anawaphunzitsa anali George Bird Grinnell, yemwe mu 1886 anayambitsa gulu loyamba lotchedwa ndi dzina la Audubon, lolimbana ndi kupha mbalame pofuna nthenga zokongoletsera zipewa za amayi. Mu 1900 katswiri wina wa mbalame, Frank Chapman, anapempha anthu amene ankapikisana kuwombera mbalame pa Khirisimasi kuti m'malo mwake aziziwerenga. Anthu 27 anavomera, ndipo kuwerengako kukuchitikabe chaka chilichonse.

Ifenso tinayesa zofanana ndi ana a Pathfinder. Tinawapatsa kope ndi pensulo, n'kuwapempha kuti akhale chete pansi pa mkuyu kwa mphindi 20. Zisanu zoyambirira zinali zovuta. Pomaliza, mtsikana wina anali atalemba njiwa, mpheta, timba ndi namzeze, ndipo mnyamata wa legeni uja ankakangana ndi mnzake ngati pansi pa mchira wa pumbwa pali pachikasu kapena poyera.