Musanasamuke banki chifukwa cha malipiro a pafoni, yambani mwawerenga zipata

Pamsika wa Lizulu m'boma la Ntcheu malonda amayamba kusanache. Opikula tomato, kabichi ndi mbatatesi ochokera ku Lilongwe, Balaka ndi Blantyre amafika kukadali chisisira, ndipo akagwirizana mtengo ndi mlimi, funso lotsatira masiku ano limakhala lakuti: "Ndikupatseni pamanja kapena ndikutumizireni?" Funso lomweli likumveka kwa Jenda, ku Limbe, kwa Tsoka ku Lilongwe ngakhalenso m'madoko a nsomba ku Mangochi.

Kusintha kumeneku kwabweretsa nkhawa yatsopano pakati pa ochita malonda. Ena akuona kuti banki yawo imavuta kusamutsa ndalama kupita pafoni. Ena akudandaula kuti imadula zambiri. Ena angomva kwa mnzawo wa benchi loyandikana kuti banki yake njabwino, ndipo akuganiza zotseka akaunti yomwe akhala nayo zaka zambiri. Kodi kusamukako n'kopindulitsa?

Kwa ambiri yankho ndi lakuti ayi, kapena osati msanga. Ndalama ya wamalonda sithera pa dzina la banki. Imathera pa zipata zomwe imadutsa kuchoka m'manja mwa kasitomala mpaka kukafika kwa woodetsa katundu. Amene sadawerenge zipatazo akhoza kusamuka n'kukapeza kuti akudulidwa chimodzimodzi.

Kulandira pafoni sikulira banki

Choyamba kuchimvetsa n'chakuti Airtel Money, yomwe idayamba m'dziko muno mu 2012, ndi TNM Mpamba, yomwe idabwera mu 2013, si maakaunti a kubanki. Munthu amene ali ndi simu yolembetsedwa ndi chiphaso cha unzika akhoza kulandira ndi kutumiza ndalama pa *211# kapena *444# ngakhale sadapondeko pakhomo la banki. Wogulitsa mandasi, makala kapena masamba, amene ndalama yake imalowa masana n'kutuluka m'mawa wotsatira kukaoda katundu wina, nkhani ya kusamuka banki siyimukhudza kwenikweni. Chomwe akufunika ndi kukhala ndi nambala zonse ziwiri kuti kasitomala asabwerere chifukwa cha netiweki yosiyana.

Chachiwiri, mabanki akuluakulu onse ali kale ndi njira za pafoni zomwe zimagwira ngakhale pa kafoni ka mabatani kopanda intaneti. National Bank ili ndi Mo626 pa *626#, Standard Bank ili pa *247#, FDH Bank pa *525#, ndipo NBS Bank pa *322#. Kudzera m'njirazi munthu amatha kukankhira ndalama kuchoka kubanki kupita ku Airtel Money kapena Mpamba. Ambiri omwe amati banki yawo "ilibe za pafoni" amakhala kuti sadalembetse chabe, kapena nambala yomwe adapereka potsegula akaunti idatayika kalekale. Vuto lotere limatha ndi ulendo umodzi wa kunthambi, chiphaso chili m'manja.

Chachitatu, mabanki adalumikizana. Kuyambira mu 2015 pali National Switch, yomwe imachititsa kuti khadi la banki imodzi ligwire ntchito pa ATM kapena pa makina a POS a banki ina. Mwini golosale amene ali ndi makina a banki imodzi amalandira makadi a mabanki enanso. Malamulo omwe Reserve Bank of Malawi idatulutsa mu 2019 amafuna kuti mabizinesi okhala ndi ziphaso akhale ndi njira imodzi yolandirira malipiro popanda ndalama ya pamanja, koma satchula banki yoti munthu apiteko. Choncho palibe wamalonda amene akuyenera kusamuka poopa lamulo.

Pomwe ndalama imadonthera

Chipata ndi malo alionse omwe ndalama imasintha maonekedwe kapena kuwoloka kuchoka ku kampani ina kupita ku ina. Kutapa kwa ajenti ndi chipata. Kuchotsa pafoni kupita kubanki ndi chipata. Kuchoka kubanki kubwerera pafoni ndi china. Kutumiza kuchoka pa Mpamba kupita pa Airtel Money, kapena kuchoka ku banki ina kupita ku inzake, ndi chinanso. Pafupifupi pa chipata chilichonse pamatsala kenakake.

Mwachitsanzo, mayi wogulitsa kaunjika ku Limbe akhoza kulandira ndalama za makasitomala pafoni, madzulo n'kukatapa kwa ajenti, kumapeto kwa sabata n'kukwera minibasi kukaika kubanki, kenaka tsiku looda belo n'kukatapanso pa ATM. Ndalama imodzimodziyo yadutsa zipata zitatu, kuphatikizapo ulendo wa minibasi ndi maola omwe benchi lidali lotseka. Mnzake wa pafupi, amene adafunsa woodetsa mabelo ngati amalandira pafoni, amangotumiza kamodzi basi. Awiriwa akhoza kukhala a banki imodzi, koma phindu lawo pakutha pa mwezi silingafanane.

Manambala ongoyerekeza akhoza kuonetsa kukula kwa nkhaniyi. Ngati wamalonda amadulidwa K1,500 nthawi iliyonse akatapa, ndipo amatapa kanayi pa sabata, pa masabata anayi wataya K24,000. Ngati amapitanso kubanki kawiri pa sabata pa K2,000 kupita ndi kubwera, ndi K16,000 ina. Zonse pamodzi ndi K40,000, ndalama yomwe siyilembedwa paliponse chifukwa imachoka pang'onopang'ono. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Banki yatsopano ikamadula K300 yochepa pa kutumiza kulikonse koma wamalondayo n'kupitiriza kutapa kanayi pa sabata, wapulumutsa zochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe akadapulumutsa pongosintha kayendetsedwe ka ndalama zake.

Mitengo yeniyeni imasintha nthawi ndi nthawi, choncho yodalirika ndi yomwe yamatidwa pa kanyumba ka ajenti ndi yomwe ili pa chikalata cha mitengo kubanki. Mitengo ya pafoni imayenda m'magulu: kuyambira ndalama yakuti kufika yakuti, amadula mwakuti. Kawirikawiri kutapa tindalama ting'onoting'ono kambirimbiri kumadya zambiri kusiyana ndi kutapa kamodzi ndalama yochuluka. Wamalonda wodziwa pomwe gulu lina likuthera amadziwanso nthawi yoyenera kutapa.

Amene kusamuka kungawapindulire

Alipo ochita malonda omwe kusintha banki kungawathandizedi. Oyamba ndi omwe amaoda katundu wa ndalama zambiri kwa woodetsa mmodzi kapena awiri okhazikika. Kutumizirana ndalama m'banki imodzi nthawi zambiri kumatsika mtengo ndipo ndalama imafika pompopompo. Mwini hawala kapena golosale amene sabata iliyonse amalipira mamiliyoni kwa woodetsa shuga, sopo ndi mafuta ophikira ali ndi chifukwa chomveka chofunsira banki ya woodetsayo.

Gulu limeneli lakula chifukwa cha kugwa kwa kwacha. Ndalamayi itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu yemweyo adayamba kulira mpamba wochuluka. K1 miliyoni ndi mapepala 200 a K5,000, ndalama yomwe idatuluka mu 2022. Kuyenda ndi mtolo wotere pa basi ya usiku yopita ku Karonga kukaoda mpunga wa kilombero n'kuika mpamba wonse pachiswe. Komanso foni ili ndi malire a ndalama zomwe ingasunge ndi zomwe ingatumize pa tsiku, kotero wamalonda akakula amafika poti foni yokha siyikwanira. Apa m'pomwe banki yokhala ndi njira ya pafoni yodalirika imakhala yofunika.

Achiwiri ndi omwe banki yawo ilibe nthambi, ATM kapena ajenti pafupi ndi msika wawo. Mabanki ena adafika m'matauni ang'onoang'ono kudzera mwa maajenti, monga Bank Pafupi ya NBS ndi Banki Pakhomo ya FDH. Ngati kuika ndalama kumafuna ulendo wa theka la tsiku pomwe banki ina ili ndi ajenti kuseri kwa msika, kusiyanako kumaoneka m'thumba.

Achitatu ndi omwe njira ya pafoni ya banki yawo imakanika kawirikawiri pa nthawi ya malonda. Ndalama ikachoka mu akaunti koma osafika pafoni, n'kudikira masiku kuti ibwezedwe, wogulitsa nsomba kapena tomato waluza kale katundu, chifukwa mlimi kapena msodzi sadikira. Zikachitika kamodzi ndi ngozi. Zikamachitika mwezi uliwonse, dandaulo n'kuperekedwa koma osasintha kanthu, wamalonda ali ndi ufulu wonse wochoka. Amene sadakhutire ndi yankho la banki akhozanso kukadandaula ku Reserve Bank, yomwe imayang'anira mabanki ndi makampani a ndalama za pafoni.

Zomwe zimatsala m'mbuyo

Chomwe ambiri amaiwala posamuka ndi mbiri. Banki ikamaganizira zopereka ngongole ya bizinesi imayang'ana sitetimenti ya miyezi ingapo kuti ione momwe ndalama zimalowera ndi kutuluka. Wamalonda amene wakhala akusunga pamalo amodzi kwa zaka zitatu ali ndi umboni womwe banki yatsopano ilibe. Akasamuka amayambiranso pansi ngati mlendo. Amene akulingalira zopempha ngongole chaka chomwechi ndi bwino adikire, ndipo amene wasankha kuchoka atenge kaye sitetimenti yodindidwa ya miyezi khumi ndi iwiri.

Amene ali kale ndi ngongole asaganize kuti kusamuka kuithetsa. Mabanki amapereka mbiri ya obwereka ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data CRB, ndipo banki yatsopano imakafunsa komweko.

Akaunti yakale isangosiyidwa. Maakaunti ena amadulidwa ndalama mwezi uliwonse ngakhale mwini wake asakuwagwiritsa ntchito, ndipo tindalama totsalamo timatha mwakachetechete. Wofuna kutseka apite kunthambi, alembe kalata, alandire umboni. Adziwitsenso onse omwe ali ndi nambala yakale: makasitomala a nthawi zonse, a banki mkhonde, ndi achibale omwe amatumiza ndalama kuchokera ku Joni.

Pa nkhani ya chitetezo cha ndalama, mabanki onse ovomerezeka ali pansi pa Deposit Insurance Corporation, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022 kuti lizibwezera osunga ndalama mpaka pa mlingo woikika banki itagwa. Choncho mbali iyi siyisiyanitsa banki ina ndi inzake.

Mbava sizisankha banki

Palibe banki yomwe ingateteze wamalonda amene wapereka yekha nambala yake yachinsinsi. Akamberembere amaimba foni kunamizira kuti ndi ogwira ntchito ku kampani ya foni kapena kubanki. Ena amatumiza uthenga wooneka ngati wa ndalama yolowa, kenaka n'kuimba mwachisoni kuti alakwitsa nambala, abwezeredwe. Enanso amaima pabenchi penipeni n'kuonetsa uthenga wa pa foni yawo kuti alipira, katundu ali kale m'jumbo.

Lamulo la pamsika ndi limodzi: katundu asachoke wogulitsa asadaone ndalama pa foni yake, ndipo ngati akukayika ayang'ane balansi. Potumiza, awerenge dzina lomwe latuluka asadaike nambala yachinsinsi. Amene ali ndi wantchito kapena mwana womuthandiza pabenchi angachite bwino kufunsa za nambala ya bizinesi, yomwe ambiri amaitcha till, kuti ndalama za malonda zisasakanikirane ndi za ndiwo, ndipo womuthandizayo asamagwire foni yomwe ili ndi mpamba wonse.

Mwezi umodzi ndi kope

Njira yotsika mtengo yopezera yankho ndi kope ndi cholembera. Kwa mwezi umodzi wamalonda alembe chipata chilichonse chomwe ndalama yake yadutsa, zomwe wadulidwa, thiransipoti yopitira kubanki, ndi tsiku lililonse lomwe netiweki idamukanika pa nthawi yolipira. Mwezi ukatha afunse oodetsa ake onse njira zomwe amalandirira. Nthawi zambiri apeza kuti chipata chimodzi kapena ziwiri zikhoza kutsekedwa popanda kusintha banki.

Zotsalazo ndi zomwe apite nazo ku banki yomwe akuisirira, ndi mafunso achindunji. Kuchotsa ndalama kupita pafoni ndi zingati? Nanga kuchoka pafoni kubwera mu akaunti? Pa mwezi amadula zingati? Mu akaunti muyenera kutsala zingati? Pa tsiku munthu angatumize mpaka zingati? Ndalama ikakakamira panjira imabwezedwa pakatha masiku angati? Safunsa adadya phula. Mayankho akhale olembedwa pa chikalata cha mitengo, osati a pakamwa pa wotsatsa maakaunti amene wafika pamsika ndi ambulera ndi zimkuzamawu.

Manambala akaonetsa kuti banki yatsopano ikupulumutsa ndalama yooneka, wamalonda atsegule akaunti kumeneko koma yakale aisunge kwa miyezi iwiri kapena itatu. Ayese yatsopanoyo pa masiku ovuta, monga kumapeto kwa mwezi pomwe aliyense akulandira malipiro, Loweruka madzulo, ndi m'mamawa pa tsiku looda. Ikapirira masiku amenewo, atseke yakale mwadongosolo. Ikalephera, sadataye kanthu koposa ndalama yotsegulira.

Ndipo kaya wasamuka kaya wakhala, wopita kukaoda ku Lizulu, ku Tsangano kapena kunyanja asayende wopanda ndalama ya pamanja yokwanira thiransipoti, onyamula katundu ndi chiphaso cha msika. Netiweki ikagwa 5 koloko m'mawa, dengu la tomato limapita kwa amene ali ndi ndalama m'chikwama.