Nkhope za Ankhondo ndi Utoto Wochita Kuwerenga

M'chaka cha 1991, pamene kampani ya Capcom ya mumzinda wa Osaka ku Japan inatulutsa masewera omenyana otchedwa Street Fighter II, anyamata amene ankakhamukira kumakina osewerera masewerawa, ndalama zachitsulo zili kumanja, asanaone nkhonya kapena theche ankayamba aona nkhope zisanu ndi zitatu zitandandalikidwa pagalasi, kuti munthu asankhepo womumenyera nkhondo. Ndipo nkhope zimenezi, ngakhale zinali zaukali ndi zamoyo, zinajambulidwa ndi utoto wochepa zedi, wochita kuyeza monga mayi ayeza ufa m'mwezi wa njala.

Gwero la umphawi umenewu linali m'makinamo. Makina a Capcom a nthawi imeneyo, otchedwa CPS-1, ankadula chithunzi chilichonse m'timabokosi ting'onoting'ono, ndipo kabokosi kamodzi sikankaloledwa mitundu yoposa 16. Mwa imeneyonso, umodzi unkasiyidwa wopanda kanthu, kuti za kumbuyo zizionekera. Yotsala 15 ndiyo inali chuma chonse cha mmisiri, ndipo m'menemo munayenera kutuluka khungu, tsitsi, diso, dzino ndi chovala.

Apa ndipo pagona luso, ndipo ndikupempha owerenga adekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambula wosazolowera, akafuna mthunzi patsaya, amathamangira chakuda, nkhope n'kuoneka ngati yaphulusa. Koma mmisiri wokhwima amadziwa kuti mthunzi wa pakhungu la munthu umapendekera ku kufiira, ndipo ukazama umalowera ku pepo, pamene malo owalidwa amapendekera ku chikasu, kotero kuti ndi mitundu inayi kapena isanu yokha amaumba chipumi, mphuno ndi chibwano, magazi n'kumaoneka ngati akuyenda m'katimo. Ndiponso salola mtundu uliwonse kudya chabe. Wofiirira wakuda umene waika kunsi kwa chibwano ndi womwewo adzaugwiritse ntchito m'nsidze, m'mphepete mwa diso ndi m'mapindo a nsalu. Ndipo pamene wasowa mtundu wapakati, amamwaza timadontho ta mitundu iwiri mosinthanitsa, podziwa kuti magalasi a makanema akale aja, amene sankaonetsa zinthu mwakuthwa, adzatisakaniza okha m'maso mwa woonera. Ine ndimaona kuti nkhope zoterezi zimakhalitsa m'mtima kuposa zambiri za masiku ano, zimene mwini wake, pokhala ndi mitundu miyandamiyanda, amatola uwu ndi uwo mpaka diso kusowa pogwira. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Akira Yasuda, wodziwika ndi dzina loti Akiman, pamodzi ndi anzake amene anaumba anthu a m'masewerawa, anapatsa aliyense mtundu wake wa iye yekha monga mbendera: Ryu zoyera ndi kansalu kofiira kumutu, Ken zofiira, Chun-Li zabuluu, Blanka khungu lobiriwira ndi tsitsi lamoto. Wina akagonja, nkhope yake inkabweranso itatupa ndi yamikwingwirima, ndipo kunena zoona, zithunzi za ogonjazo ndi zimene zimandigwira mtima koposa, popeza madontho ochepa a pepo kunsi kwa diso ankanena zonse za manyazi a munthu wogwetsedwa.

Umphawi womwewo unabalanso mapasa. Popeza mitundu inkasungidwa padera ndi chithunzi, kunali kokwanira kusintha mndandanda wa mitunduyo kuti munthu yemweyo avale zina. N'chifukwa chake m'chaka cha 1992, m'mtundu watsopano wa masewerawa wotchedwa Champion Edition, anthu awiri ankatha kusankha Ryu onse, wina n'kusiyana ndi mnzake pa chovala chokha. Chaka chomwecho ku Chicago, kampani ya Midway inajambula munthu mmodzi, Daniel Pesina, nimusandutsa Scorpion wachikasu ndi Sub-Zero wabuluu m'masewera a Mortal Kombat, ndi wina wobiriwira wobisika wotchedwa Reptile. Kumeneko kunali kuchenjera kosunga malo m'makina, osati luso la nkhope ayi, pakuti onsewo anali ophimba pakamwa.

Mayeso aakulu anadza m'chaka cha 1995, pamene Street Fighter II analowa m'kachipangizo ka m'manja ka Nintendo kotchedwa Game Boy, kamene galasi lake linkadziwa milingo inayi yokha, kuyambira powala kufikira pakuda, yonse yopendekera ku msipu. Pamenepo mbendera zija zinagwa, Ken ndi Chun-Li onse nakhala obiriwira monga Blanka, ndipo Blanka mwini wake, atalandidwa khungu limene ankadziwika nalo, anatsala kuzindikirika ndi tsitsi lake lanyankhalala ndi mano otuluka kunja.