Foni zasintha, koma agogo akutchulabe PIN pagulu

Mwezi watha ndinaperekeza agogo anga ku Mbulumbuzi kukatapa ndalama zomwe amalume anatumiza kuchokera ku Joni. Titafika pa ejenti, agogo anangopereka kafoni kawo ka mabatani n'kutchula PIN mokweza, mzere wonse ukumva. Ndinawanong'oneza kuti, “Agogo, nambala imeneyo ndi yachinsinsi.” Anandiyang'ana n'kuti, “Mwanawe, tizilembo timeneti ndikati ndiwerenge, timazima ndisanamalize.”

Sananame. Ukayimba nambala yoyamba ndi nyenyezi ija, pamabwera mndandanda: dinani 1, dinani 2, lembani ndalama. Ukachedwa, imadula, uyambirenso. Njira imeneyi, yomwe akatswiri amati USSD, siyifuna intaneti ndipo imagwira pa foni iliyonse. N'chifukwa chake kutumizirana ndalama pa foni kunafalikira mpaka kumudzi Airtel Money itafika mu 2012 ndi Mpamba mu 2013. Koma kaonekedwe kake ndi ka makompyuta akalekale, aja osakhala ndi chithunzi n'chimodzi chomwe, ongofuna kuti uziwalembera.

Kunjaku anachokako kale kumeneko. Macintosh ya 1984 inatchukitsa tizithunzi tolozedwa ndi mouse. iPhone ya 2007 inazoloweretsa anthu kungokhudza galasi ndi chala. Ife a ma smartphone tinabadwira mommo, mpaka timaiwala kuti kudziwa tanthauzo la timizere titatu tapakona kumachitanso kuphunziridwa.

Chomwe chinawafikadi agogo ndi voice note, yomwe WhatsApp inabweretsa mu 2013. Ndikapita kumudzi amabwereka foni yanga, kudina kamaikolofoni, n'kuwakalipira amalume mphindi zisanu osapuma. Palibe anawaphunzitsa kawiri. Ineyo ndi digiri yangayi, kulemba Chichewa pa foni imeneyi ndimachita kulimbana ndi autocorrect, yomwe imakakamira kusandutsa mawu anga Chingerezi.

Ndiye ndimafunsa anzathu opanga ma app ku Blantyre ndi ku Lilongwe: ngati foni ikutha kunyamula mawu a agogo mpaka ku Johannesburg, chikuvuta n'chiyani kuti iziwauza pakamwa, m'Chichewa, kuti alandira zingati ndipo zatsala zingati?

Tikubwerera pa kabaza ndinawasinthira PIN ija. Pofika kunyumba anali atawauza kale aphwanga awiri, kuti aziwakumbutsa.