Fakitale ya ku Scarborough ndi Kachipangizo Koyezera Malungo

Thupi likatentha timathamangira kuchipatala, amatibaya chala, ndipo pakatha mphindi 15 timadziwa ngati ndi malungo. Koma za kumene tizipangizo totere timapangidwa sitiganizako n'komwe.

Amodzi mwa malowo ndi Scarborough, tauni ya ku Maine m'dziko la America. Kampani ya Binax inayamba ku Maine mu 1986, ndipo mu 2007 kachipangizo kake ka BinaxNOW kanakhala koyamba koyezera malungo mwachangu kuvomerezedwa m'dzikolo. Kamafufuza mapuloteni a tizirombo ta malungo m'dontho la magazi. Akapezeka, pamatuluka mzere. Eni ake akhala akusintha: Inverness mu 2005, imene inadzatchedwa Alere, kenako Abbott mu 2017.

COVID-19 itavuta mu 2020, Abbott inatsegula fakitale ina ku Westbrook, pafupi pomwepo, n'kulemba anthu ambiri, ena mwa iwo ochokera kuno ku Africa. Pakati pa 2021 malonda atatsika, mazana anachotsedwa ntchito. Anafulumira nazo, chifukwa patangopita milungu yochepa mtundu wa Delta unafalikira, tizipangizo tinasowa m'masitolo, ndipo kampaniyo inayambanso kufuna antchito.