Imelo Pantchito: Ubwino Wake ndi Mtolo Wake

M'gawo lino tiona mmene imelo imathandizira pantchito, komanso mavuto amene amabwera munthu akaidalira mopitirira muyeso.

Imelo inayamba mu 1971 pamene Ray Tomlinson wa ku United States anatumiza uthenga kuchokera pa kompyuta ina kupita pa inzake. Iyeyu ndiye anasankha chizindikiro cha @ chimene mumachiona pa adiresi iliyonse. Anthu wamba anaizolowera kwambiri kutabwera Hotmail mu 1996 ndi Gmail mu 2004.

Ubwino wake

Kwa inu amene mumaphunzira muli kutali, ntchito yolemba imene ikanatha masiku ambiri pa positi imafika kwa okuphunzitsani tsiku lomwelo. Kalata imodzi mutha kuitumiza kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Chinanso, imelo imasunga tsiku ndi nthawi, ndiye wina akati simunatumize, umboni ulipo.

Mtolo wake

Choyamba, ntchito imakutsatirani mpaka kunyumba. Poti uthenga umafika msanga, wotumiza amafunanso yankho msanga, ngakhale usiku kapena Lamulungu. N'chifukwa chake ku France, kuyambira pa 1 Januwale 2017, lamulo linakakamiza makampani a antchito 50 kapena kuposerapo kuti azikambirana ndi antchito awo za nthawi yopuma osayankha mauthenga a kuntchito.

Chachiwiri, imelo imadula ntchito pakati. Mukasiya kuchonga makope kuti muone uthenga, pamatenga nthawi kuti maganizo abwerere pamene munalekezera.

Chachitatu, magetsi akathima kapena netiweki ikavuta, zonse zimaima, ndipo tsiku lomaliza loperekera ntchito litha kukudutsani.

Chachinayi, akuba amatumiza imelo zooneka ngati zochokera ku banki pofuna kuti muwapatse mawu anu achinsinsi.

Nanga mungatani?

Sankhani nthawi ziwiri patsiku zoonera imelo, mwina m'mawa musanalowe m'kalasi ndi masana mukaweruka. Ntchito yanu muziitumiza kudakali masiku, osati tsiku lomaliza. Mawu achinsinsi musauze aliyense. Ndipo ngati nkhani ndi yokhumudwitsa, kaonaneni pamaso, pakuti mawu olembedwa saonetsa nkhope.

Ntchito

Kambiranani ndi aphunzitsi anzanu: kodi ndi mauthenga ati amene ayenera kupita pa imelo, nanga ndi ati ofunika msonkhano? Lembani zitsanzo zitatu pa mbali iliyonse.