MWANA AMAPHUNZIRA KUDIKIRA KWA MAKOLO OSUNGA LONJEZO

Aphunzitsi a Sitandade 1 amadziwa bwino kuti chimene chimasiyanitsa ana m'kalasi si nzeru zokha ayi. Pali mwana amene amasunga malangizo atatu m'mutu, amadikira nthawi yake yolankhula, ndipo masamu akamukanika amayesa njira ina. Palinso wina, wanzeru ndithu, amene zinthu zikangomuvuta amalira kapena kumenya mnzake. Maluso a mwana woyambayo amayendetsedwa ndi mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Kodi tsono kudzigwira kotereku mwana amabadwa nako, kapena amachita kuphunzira?

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Walter Mischel wa pa yunivesite ya Stanford ku America anayamba kuyesa ana a zaka zinayi kapena zisanu. Mwana ankamusiya yekha m'chipinda ndi switi imodzi, atamuuza kuti akapirira osadya kufikira wamkulu atabwerera, alandira ziwiri. Ana amene anapirira anali ndi njira zawo: ena ankatseka maso, ena ankaimba, ena ankayang'ana kumbali. Patapita zaka, kunaoneka kuti ambiri mwa opirirawo ankakhoza bwino mayeso. Anthu ochuluka anangoganiza kuti kupirira ndi mphatso yobadwa nayo.

Koma mu 2013, Celeste Kidd ndi anzake a pa yunivesite ya Rochester anafalitsa zotsatira zimene zinasintha maganizowa. Iwo anatenga ana 28 ndi kuwagawa m'magulu awiri. Asanaone switi, mwana aliyense anapatsidwa makrayoni akale, nalonjezedwa kuti akadikira pang'ono amubweretsera atsopano. Kwa gulu loyamba lonjezo linasungidwa. Kwa lachiwiri wamkulu uja anabwerera chimanjamanja, nangopepesa. Itafika nthawi ya switi, ana a gulu loyamba anadikira pafupifupi mphindi 12, pamene a gulu lachiwiri anadikira mphindi zitatu zokha. Ana onamizidwawo sanali opusa. Anali ataphunzira kuti mawu a wamkuluyo ndi mphepo chabe, choncho chanzeru chinali kudya chimene chili m'manja.

Mu 2018, Tyler Watts ndi anzake anaunikanso nkhaniyi pa ana oposa 900. Anapeza kuti poganizira chuma cha banja ndi maphunziro a mayi, mphamvu ya switi ija polosera tsogolo la mwana imachepa kwambiri. Khomo limene mwana akukuliramo lili ndi gawo lalikulu.

Phunziro lake ndi la pa khomo lililonse. Bambo amene amatontholetsa mwana ponena kuti, "Khala chete, mwanawe, ndikugulira mandasi pobwera," chonsecho alibe maganizo ogula, amagula mtendere wa m'mawa umodzi koma amaphunzitsa mwanayo kuti kudikira kulibe phindu. Kusunga lonjezo sikulira ndalama. Mayi angathe kunena kuti, "Ukatha kutsuka mbale ndikusimbira nthano," ndipo madzulo akafika asimbedi. Lonjezo laling'ono losungidwa limaposa lalikulu loiwalika.

Zida zina zophunzitsira zili pabwalo pomwepo. Bawo imafuna kuti mwana awerengere m'mutu asanagwire njere. Phada imaphunzitsa kudikira mnzake alakwe kaye, ndiponso kuvomera kugonja popanda ndewu. Kutuma mwana kukagula mchere, machesi ndi sopo popanda kumulembera kumalimbitsa chikumbumtima chake cha zinthu. Akaiwala chimodzi, amufunse mmene angachitire kuti mawa asaiwale, m'malo momukalipira.

Mkwiyo nawonso umafuna mphunzitsi. Mwana akapsa mtima, kholo lanzeru limayamba ndi kutchula chimene chili mumtima mwake: "Ndaona kuti wakwiya chifukwa mkulu wako watenga mpira, koma kumenya ayi." Mwana amene wapatsidwa dzina la chimene akumva amayamba kulankhula pamene kale akanaponya mwala. Ndipo kholo limene limalanga lili lolusa limafafaniza ndi manja zimene laphunzitsa ndi pakamwa.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu, amene ambiri akulera kale ang'ono awo, akumbukire kuti mwana amadekha pokhapokha ataona kangapo kuti wamkulu amene anati abwera, wabweradi.